Mpweya wotentha umene tinkautaya

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera kutchalitchi. Nditamaliza maphunziro a uinjiniya ndinabwerera kwathu kwa Khwethemule, ndipo mkulu wa mpingo wina, kalaliki pa esiteti ya tiyi, anandinong'oneza kuti kufakitale akufuna woyang'anira boyila. Akufakitalewo anandilemba mongoyesa.

Boyila amadya nkhuni za bulugamu n'kutulutsa nthunzi yotenthetsa makina oumitsira tiyi. Vuto n'lakuti masamba amachuluka nthawi ya mvula, nkhuni zili zonyowa. Zonyowazo zimangofuka, ndiye zimalowa zambiri, mitengo n'kumatha.

Kukoleji aphunzitsi anali atayamba kutitumiza m'mafakitale kukafufuza zimene zikutayika, osangoti masamu a pabolodi. Choncho ndinaona msanga mpweya wotentha ukutuluka kumbuyo kwa makina oumitsira, kupita kumwamba chabe. Ndinakumbuka kuti Ambuye atadyetsa khamu lija, sanalole ngakhale makombo kutsala pansi. Ndinapempha migolo yakale, n'kuiwotcherera kukhala paipi yolowetsa mpweyawo m'chisakasa cha malata. Mmenemo ndinasanja nkhuni pa zitsulo kuti mpweya uzidutsa pansi.

A Mwenifumbo, manijala wa fakitale, anaseka. "Iwe, nkhuninso zikuwotha moto? Mwezi uno ukatha osaona phindu, chisakasa chichoka, iwenso nacho."

Mwezi womwewo wa Januwale mvula inakana kukata. Tsiku lina mathirakitala ankangotsitsa masamba, koma singano ya geji yoonetsa presha ya nthunzi ya boyila ikutsika. Tiyi wogaya akafiira sadikira. Akachedwa kuuma amasasa, ntchito ya othyola onse n'kupita kudzala. A Mwenifumbo analowa ali thukuta kamukamu.

"Eya, wasukulu, presha ili kuti?"

Ndinapemphera chamumtima, n'kutsekula chisakasa. Ndinagundanitsa zikuni ziwiri, zinalira ngwe! Azibambo a paboyila anathamanga ndi mawilibala kututa nkhuni zoumazo. Utsi wakuda unaleka, moto unayera, singano inayamba kukwera pang'onopang'ono mpaka pamalo pake. Ndinapezeka ndikuimba nyimbo yotamanda, osadzimva ndi phokoso la makina. Tiyi yense anauma.

A Mwenifumbo anatapa tiyi m'dzanja, n'kumununkhiza.

"A injiniya, malata ena ali kuseri kwa sitolo. Mumangenso china."

Chaka chimenecho tinadula mitengo yochepa. Lero ophunzira akabwera kudzaona ntchito, sindiyambira pa makina. Ndimawatengera kuseri kwa fakitale, kotulukira zotayidwa, kuti ayambe aona zimene Mulungu watipatsa kale.