Masamba pa Ndowa

Mayi amene tinayandikana nawo nyumba kuno ku Dambe ndi mlimi wa mbatatesi, ndipo salankhulalankhula. Tsiku lililonse amakwera chitunda kawiri kuchokera kuchitsime, ndowa ili pamutu, m'chiuno atamanga nsalu yachipani yosuluka kale. Akaona munthu akulakwitsa ntchito samuseka ayi, amangoti, "Ameneyu sanamuuze."

Loweruka lapitali masana, a Mabvuto, a zaumoyo amene anabwera kuchokera ku Blantyre, anatiitana kukaonera vidiyo yawo yoyendera batire. Inali filimu ya Matchaina omenyana. Mwamuna wina wofuna kuphunzira ndewu anamupatsa ndowa ziwiri kuti azikwera nazo phiri. Akamafika pamwamba, madzi amakhala atathera m'njira, ndipo aphunzitsi ake ankamubweza.

"Mwaona kulimba kwa anzathu?" anatero a Mabvuto. "Kuno ku Neno palibe angayerekeze zimenezi."

Tonse manyazi anatigwira. Mayi aja anadzuka n'kutuluka, ife n'kumaganiza kuti akwiya. Filimu isanathe tinangowaona akubwera, ndowa yodzaza ili pamutu, ina kumanja, timasamba tikuyandama pamwamba pa madzi. Anazitula pakhomo pa a Mabvuto. Bulauzi yawo inali youma, ngakhale dontho panalibe.

"Achimwene," anatero akupinda nkhata yawo, "munthu wanuyo mphamvu ali nazo, koma sanamuuze. Ukaika masamba pamwamba, madzi satayika. Mukamalemba kalata ku China, mumuuze asamavutike."