Phazi la a Constance pa Khomo la Hotela

Ku Nancholi kunalibe munthu amene anaonapo nyumba yomalizidwa ndi a Ellard Namakhwa, komabe aliyense ankadziwa kuti iwo ndi mmisiri womanga nyumba. Ankadziwa chifukwa eni akewo sankalola kuti munthu aiwale. Ukawapatsa moni, ankakuyankha ndi nkhani ya njerwa. Ngakhale pamaliro, ena akulira m'nyumba, iwo ankakhala panja atatsinzina diso limodzi, akuyeza ngodya ya nyumba ya anamfedwa uku akupukusa mutu.

Bambo awo anachokera kwa Apwitikizi wapansi, nadzathyola tiyi ku Thyolo mpaka msana unapindika. A Ellard anakana za tiyi. Anabwera ku Blantyre n'kuyamba ndi kukankha wilibala, ndipo m'zaka za Chitaganya, pamene makampani a ku Salisbury ankadzutsa nyumba zosanja m'tauni ndi ku Limbe, iwo anali atagwira kale mpeni womangira ndi levulo. Luso analidi nalo, tisawanamizire. Vuto linali lakuti zonse zimene anamanga zinali malo amene munthu wakuda sankaloledwa kulowamo: kalabu ya azungu, chipinda chodyera azungu, bafa la bwana uje. Ntchito ikatha chitseko chinkatsekedwa, umboni wonse n'kutsalira m'katimo.

Kunyumba nako zinthu sizinkawaikira kumbuyo. A Ellard anali mkamwini pamalo a makolo a akazi awo, a Constance, ndipo nyumba imene anayamba kumanga mwana wawo Yona ali kumsana inaimira pamawindo. Yonayo tsopano anali pasukulu. M'chipinda chimene chinayenera kukhala chochezera munamera papaya, ndipo ankabereka bwino ndithu. Banja linkagonabe m'kanyumba ka udzu kodontha, mmisiri wamkulu n'kumasuntha mphasa mvula ikagwa.

Amene ankawawawitsa mutu kwambiri anali a Bennet, malume awo a Constance, kalaliki wa kunjanji ku Limbe komanso mkulu wa mpingo. Tsiku lina abale atasonkhana, a Bennet ananena mofatsa, monga mwa chizolowezi chawo, kuti mwina mkamwini wawoyu ntchito yake m'tauni ndi kutungira amisiri madzi. Anaonjezera kuti ngati munthu akulephera kufolera mkazi wake nyumba, msewu wa ku Thyolo sunatsekedwe. Anthu anaseka, koma a Constance sanaseke, anangoyang'ana pansi. Zimenezi ndi zomwe zinawapweteka a Ellard, chifukwa akazi awowo ankawakonda, ndipo anaona kuti nawonso ayamba kukayika.

Nthawi imeneyo a Ellard anali kumalizitsa hotela yaikulu pakati pa tauni. Choncho anaimirira, nalonjeza pamaso pa onse kuti a Constance adzalowa m'hotelamo kudzera pakhomo la kutsogolo mzungu aliyense asanapondepo, akaone okha ntchito ya manja a amuna awo. A Bennet anati iwonso adzaperekeza, pakuti nkhani yotere imafuna mboni.

A Ellard anapangana ndi mlonda wa pamalopo, a January, kuti alendowo abwere Loweruka masana anthu ataweruka. Zonse zikanayenda bwino pakadapanda folomani wawo, mzungu wofiira khosi dzina lake Peterson. M'mawa wa Loweruka lomwelo Peterson analamula kuti khonde la kutsogolo lithiridwe simenti yofiira, chifukwa bwana wamkulu wochokera ku Zomba ankabwera kudzatsegula hotelayo sabata yotsatira. Ntchitoyo anaipereka kwa a Ellard. Iwo anaisalaza ndi mtima wonse mpaka khonde linayamba kuwala, ndipo atapukuta mpeni wawo m'pamene anakumbukira kuti khomo la kutsogolo lili kuseri kwa simenti yaiwisiyo.

Masana a Constance anafika atavala diresi lawo la kutchalitchi ndi nsapato za kanivasi zopaka choko, a Bennet ali pambuyo ndi ambulera. A January anathamanga kukafuna thabwa loti ayale, koma matabwa onse lole inali itapita nawo kuntchito ina ku Limbe. A Ellard anayamba kufotokoza kuti kunena zoona khomo la kumbuyo ndiye losangalatsa, poti munthu amayamba waona khitchini.

A Constance anali munthu wa mawu ochepa. Anawayang'ana amuna awo nati, "Bambo a Yona, khomo la kumbuyolo ndingathe kudzalowera tsiku lililonse nditasenza dengu la kabichi. Inu munati la kutsogolo."

A Bennet anatsokomola, n'kuyang'ana cha kumene kuli Thyolo.

A Ellard anayang'ana khonde lawo, nayang'ana akazi awo. Mumtima anadzilimbitsa kuti awaonetsa m'katimo mofulumira, kenako abwerere adzasalaze simenti isanagwire. Atatero anatambasula dzanja monga amachitira operekera zakudya m'mahotela, nati, "Lowani, mayi a Yona."

A Constance analeredwa bwino. Kwawo anawaphunzitsa kuti pamene mnzako wazira kumene supondapo ndi nsapato, ndiye anawerama n'kuvula nsapato zija, kuzigwira kumanja. Anadutsa pakhondepo monyang'ama kuti asaononge ntchito ya amuna awo. Koma atafika pakhomo penipeni n'kuona nyali zolendewera kudenga ndi makwerero okhotakhota opita m'mwamba, anaiwala zonse. Anaima ndi phazi lonse, thupi lonse, kukamwa kuli yasa. A Bennet, poona kuti lonjezo silinkakhudza iwo, anazungulira ndi a January kukalowera kukhitchini.

Chimene chinawaononga a Ellard chinali pakamwa pawo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anali ndi anthu a kwawo m'kati mwa ntchito yawo, ndipo mwayi wotere sakanauthamangitsa. Anafotokoza khoma lililonse. Anawagwiritsa a Bennet ngodya kuti amve kuwongoka kwake, nawakweza pamwamba kukaona zipinda, nawatsegulira mpopi wa madzi otentha amene anali asanayambe kutentha. A Bennet anavula chipewa, anasisita pulasitala ndi chikhato, kenako anafunsa chapansipansi ngati zonsezi analidi iwo. Potuluka anawatchula kuti amisiri. A Constance ankayenda pafupi kwambiri ndi amuna awo, zimene anali atasiya kalekale.

Pamene a Ellard ankabwerera pakhonde dzuwa linali litapendeka. Timapazi ta kunyang'ama anatifafaniza movutikira, koma phazi la pakhomo lija simenti inali italigwira. Linali phazi lakumanja, zala zonse zikuoneka bwinobwino, chala chachikulu chitapatukira pambali monga zimakhalira ndi anthu oyenda osavala nsapato.

Lolemba m'mawa Peterson analiona phazilo, khosi lake n'kufiira kuposa khonde. A January analumbira kuti sanaone munthu, ndipo anaganiza kuti mwina ndi za mizimu, poti malowo kale anali thengo. Peterson za mizimu sankazidziwa. Anandandika antchito onse, nawalamula kuti aliyense ayeze phazi lake pamenepo. Palibe amene linamukwana. A Ellard nawonso anayeza, lawo linasefukira mbali zonse, ndipo anabwerera pamzere atapulumuka.

A Ellard akanangokhala chete, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Peterson anawerama n'kuyamba kulinyoza phazilo m'Chinyanja chake chothyokathyoka. Anati ndi phazi la wakuba, phazi lonyansa, lokhota ngati la bakha, ndipo antchito anaseka poti bwana akanyoza pamafunika kuseka. A Ellard anapirira za wakuba, anapirira za kunyansa, koma za bakha zinawakanika.

"Pepani bwana," anatero akutuluka pamzere, "phazi limenelo ndi la akazi anga, ndipo palibe pamene lakhota."

Tsiku lomwelo a Ellard anachotsedwa ntchito. Nthawi yoswa khonde panalibe, ndipo chigamba pa simenti yofiira chikanaoneka kuposa phazilo, choncho Peterson anagula chopondera chachikulu n'kuvundikira pamenepo. Bwana wa ku Zomba anapukutirapo nsapato zake potsegula hotela, osadziwa kuti wina anamutsogolera kale.

A Ellard anafika ku Nancholi ndi mpeni wawo ndi levulo m'thumba, akuganiza kuti tsopano msewu wa ku Thyolo wawayandikira. Koma a January anali atafalitsa kale nkhani yonse, mpaka mawu a bakha. A Bennet anabwera okha kudzanena kuti za ku Thyolo zija zinali nthabwala chabe. Popeza kunalibe kopita m'mawa, a Ellard anadula papaya uja, ana akudandaula, ndipo mvula yotsatira inawapeza m'nyumba yofolera. Anthu ataona makomawo anayamba kuwaitana, wina sitolo ku Chilobwe, wina nyumba ku Chinyonga, ndipo kulankhula kwawo sikunachepe ngakhale pang'ono.

Chitaganya chili pafupi kutha, hotela ija inayamba kulola aliyense kulowera kutsogolo. Anthu a ku Nancholi ankapitako, ambiri osati kukadya, koma kukapempha wosesa kuti awatukulireko chopondera. Yona, amene tsopano anali pantchito, anawapempha amayi ake kuti awatengere kumeneko akamwe tiyi ngati anthu ena onse.

A Constance anapitiriza kusesa pakhonde la nyumba yawo, limene amuna awo analithira simenti yofiira. "Pitani inu amene simunaloweko," anatero. "Ine bambo ako anandilowetsa kale."