Makaniko wa Magalimoto Okaphulitsidwa

A Hilario Bejarano anali makaniko, ndipo ntchito yawo kwa zaka zambiri inali yodzutsa magalimoto akufa kuti asilikali akawaphulitse m'chipululu. Ine dzina langa ndi Orval. Ndinkayendetsa lole yokoka magalimotowo, choncho tinkaonana tsiku ndi tsiku pakampani ina yothandiza asilikali kuyesa zida, kumpoto kwa mzinda wa Yuma.

Anabadwira ku Somerton, m'banja la anthu odula ndiwo zamasamba za letesi. Bambo awo anapindika msana m'minda, ndipo iwo atayesako nyengo imodzi anati ayi, izi zokha sindingathe. Anayamba kumakwawira pansi pa mabasi akale onyamula anthu a m'minda, kupatsira masipanala mkulu wina wa diso limodzi, mpaka ntchito inawalowa m'manja. Atakwatira a Ofelia anatsegula galaja yawoyawo pafupi ndi ngalande yaikulu, ndipo mmenemo ndi mmene mwana wawo mmodzi yekhayo, Leandro, anaphunzirira kuyenda. Galajayo inawadyetsa bwino mpaka pamene magalimoto anadzaza makompyuta. Anthu anayamba kupita kumagalaja akuluakulu a m'tauni, a Hilario n'kumangotsala ndi mathirakitala a anzawo. Anatseka, n'kubwera kwa ife.

Ntchito inkayenda chonchi. Kampani inkagula mapikapu otheratu, ena opanda zitseko, ena mbewa zitamanga zisa m'injini. A Hilario ankalimbana nawo mpaka alire. Kenako anthu a zamagetsi ankamangirira timakina pachiwongolero ndi pamabuleki kuti galimoto iziyenda yokha, ife n'kukhazikamo zidole zazikulu ngati anthu, zovekedwa malaya a pakaunjika. Ine ndinkakaisiya kutali pamchenga, tonse n'kubwerera kukabisala kuseri kwa chipupa cha simenti.

Maroketiwo sanali aakulu ayi: kunenepa ngati mkono wa munthu wojintcha, kutalika ngati munthu. Kale ankawaponya ambirimbiri nthawi imodzi, kuti mwina imodzi igunda. Awa anali atawaika timapiko tokhala ndi maso. Msilikali mmodzi ankaloza galimoto ndi kuwala kwa makina kotchedwa leza, kumene maso a munthu sakuona, ndipo roketi ikachoka pahelikopita kapena pachoponyera cha pagalimoto inkangotsata kadontho kameneko. Wolozayo sankayenera kusuntha mpaka itafika. Tikamva phuu, tinkadikira kuti moto uzime, ine n'kukatola zotsala.

A Hilario ankakonza magalimoto amenewa ngati mwini wake akubwera kudzawatenga madzulo. Tsiku lina ndinawapeza akusintha oyilo m'pikapu yofiira yoti kukacha iphulitsidwa.

"Inu a Hilario, mutu ukuyenda bwino? Oyilo watsopano m'galimoto yoti mawa ikhala makala?"

"Iwe Orval, nawenso umasamba, chonsecho udzafa," anayankha mutu uli m'injini. "Ngakhale kusamba kwakoko sindikukuona bwinobwino. Tandipatsira sipanala iyo."

Zidole zija ankazipatsa mayina. Chamimba yaikulu ankati ndi alamu awo a ku San Luis, ndipo akamachikhazika pampando ankachimanga lamba n'kuchiuza kuti, "Alamu, muyende bwino, osathamanga." Masana tinkadyera pamthunzi wa lole. A Ofelia ankawakulungira nyemba ndi nyama m'matotiya, timikate topyapyala tija, ndi tsabola woyabwa koopsa, ndipo ankaikiramo dala zambiri podziwa kuti ine mkazi ndilibe.

Ntchitoyo ankainyadira. Ankakonda kunena kuti chida chogunda pamene waloza n'chabwino kuposa chongogwa paliponse, chifukwa munthu wosalakwa woima pafupi amapulumuka. Ine sindinkawatsutsa. Ndinkaonadi ndi maso anga kuti galimoto yapsa koma chitsamba cha pambali pake chili chiimire.

Leandro atamaliza sekondale analowa usilikali, ndipo patapita nthawi anamusankha kukhala mmodzi wa oloza aja. A Hilario anayenda ndi nkhaniyo galaja yonse. "Ine ndimakonza zoti aphunzirirepo, mwana wanga amaloza. Banja lathu lagwira konsekonse!" Mnyamatayo anatumizidwa kunkhondo kutsidya kwa nyanja. A Ofelia ankayatsa kandulo kutchalitchi Lamulungu lililonse, ndipo a Hilario ankati nawonso akupemphera ndi masipanala awo.

Anabwerako wamoyo, wopanda chilonda. Koma Leandro amene tinkamudziwa, wophokosera, wokonda kugemula bambo ake za dazi lawo, sanali ameneyu. Ankadzuka dzuwa litakwera, n'kukakhala m'mbali mwa ngalande osachita kanthu. Usilikali anausiya. Bambo ake atamuuza kuti pakampani pathu pali malo, anangopukusa mutu.

Lamulungu lina masana a Hilario anaitana abale ndi anzawo kudzawotcha nyama pakhomo, ati kumulandira mwana. Ine ndinalipo. Mowa utawalowa pang'ono anamukoleka mkono pakhosi Leandro, n'kukweza mawu kuti onse amve.

"Tawauza amalume akowa mmene zimagundira. Akuti ndimanama ine. Tawauza, mwana wanga!"

"Adadi, zisiyeni."

"Manyazi a chiyani? Tawauza!"

Leandro anaika mbale yake pansi. Analankhula motsitsa, moti amene anali kumoto anachita kusendera.

"Chabwino. Inali pikapu yoyera pamsewu wafumbi. Anandiuza kuti kutsogolo kuli anthu awiri amene tikuwafuna, ndipo analidi omwewo. Ndinaloza. Roketi inachoka. Ili m'njira, lona wa kumbuyo anatukuka, mayi wina n'kudzuka, kukhala tsonga. Ankakonza mpango wake kumutu, mphepo inkaufuna kuuulutsa. Ndikanatha kusunthira kuwalako pamchenga, roketi ikanapita komweko. M'khutu mwanga mawu a mkulu wanga pawailesi ankati gwira, gwira pomwepo. Ndinagwira." Anawayang'ana bambo ake. "Inagunda pomwe ndinaloza, adadi. Simunama ayi."

A Ofelia anagwira pakamwa. Nyama inayamba kupserera ndipo palibe anaitembenuza. Kenako a Hilario anati, "Koma unachita zimene anakuuza, mwana wanga. Akanakhala mabomba akale aja, bwenzi mudzi wonse utapsa."

"Eya," anatero Leandro. "Akuluakulu anateronso. Abusa a kuusilikali anateronso." Anatola chipewa chake n'kutuluka pageti.

Mwezi usanathe anapita kutali kumpoto, ku North Dakota, kukagwira ntchito kuzitsime za mafuta. Ankaimba foni kwa mayi ake okha. Bambo ake akalandira, ankangoti, "Muli bwanji adadi? Amayi alipo?"

A Hilario sanasiye ntchito. Sakanatha, chifukwa nthawi imeneyo impso za a Ofelia zinali zitayamba kufooka, ndipo chipatala chinkawalandira kudzera mu inshulansi ya kuntchito. Ankabwera m'mawa monga kale, kukonza injini monga kale, koma nthabwala zinatha. Zidole anasiya kuzigwira. Ankangoti, "Orval, takweza anthu akowo," iwo n'kupita kukasamba m'manja. Tikabisala kuseri kwa chipupa ankakhala chofulatira.

Tsiku lina kunabwera gulu la asilikali kudzayesa kuponya ali pansi. Woloza wawo anali mayi wamfupi, sajeni, dzina lake Tamika Broussard, ndipo makina ake anawaimika pamiyendo itatu pafupi ndi pamene ife tinali. Poyembekezera kuti mphepo ichepe, a Hilario anamuyandikira, chipewa chili m'manja.

"Pepani mayi, ndifunseko. Roketi itachoka kale, mungathe kuisocheretsa?"

"N'zotheka bambo, ngati nthawi ilipo. Koma imakhala yochepa kwambiri, ndipo mtima umakhala uli m'mwamba."

"Ndingasuzumireko?"

Sajeniyo anayang'ana kwa mkulu wake, mkuluyo n'kugwedeza mutu kuvomera. Kuwala kunali kozimitsa, choncho panalibe choopsa. A Hilario anawerama n'kuika diso. Galimoto inali kutali zedi, ine ndinkangoiona ngati kachizimezime pamchenga. Anakhala chiweramire nthawi yaitali, mpaka sajeni anatsokomola. Anaweramuka, kuthokoza, n'kubwerera kuseri kwa chipupa.

Pobwerera m'lole tinayenda mpaka kufika pamsewu wa tala. Kenako anati, "Orval, ndinaona mabatani a malaya a chidole chija. Batani lachiwiri silinamangidwe, iwe sunamange bwino. Ine nthawi yonseyi ndinkayesa kuti amangoona kadontho koyenda."

"Pepani achimwene," ndinatero.

"Leandro anamuona nkhope mayi wa mpango uja. Ine n'kumamuuza za mabomba akale."

Nyengo yozizira ya chaka chomwecho anapempha tchuthi, n'kusiya a Ofelia m'manja mwa mng'ono wa mayiwo, nayamba ulendo wa ku North Dakota pagalimoto yawo. Anali asanaonepo chipale chofewa chikugwa, ndipo jekete yomwe anatenga inali ya kwathu kuno, yopyapyala. Anamupeza Leandro akukhala m'kalavani ndi amuna ena atatu. Anakadyera limodzi kulesitilanti ya m'mbali mwa msewu.

Atabwerako ndinawafunsa kuti zayenda bwanji.

"Wanenepa pang'ono. Wasunga ndevu."

"Ndiye munamuuza kuti tsopano mwamvetsa?"

Anapukuta manja pasanza, ngakhale anali oyera kale. "Njira yonse ndinkayeseza mawu. Nditakhala naye maso ndi maso, ndinalephera kuwanena. Ndinamufunsa ngati galimoto yake imalira bwino kukazizira. Anati imavuta m'mawa. Tinatuluka, ndinamusinthira batire pamalo oimika magalimoto, zala zitachita dzanzi. Anandigulira magolovesi. Basi, ndinabwerako."

A Ofelia anamwalira chaka chotsatira, nyengo yotentha. Leandro anabwera kumaliro, ananyamula nawo bokosi mbali imodzi ndi bambo ake, ndipo anagona kunyumba kwa azakhali ake. Ndinawaona awiriwo ataima pageti la manda, wina akuyang'ana nsapato zake, wina akuyang'ana msewu. Kukacha mnyamata anabwerera kumpoto.

Ndinkayembekeza kuti tsopano a Hilario apuma, poti chowagwira chinali chitachoka. Sanapume. Ankati kunyumba kuli zii, wailesi sakuimva bwino chifukwa makutu anali atagontha ndi kuphulika kwa zaka zonsezo. Ntchito nayonso inali ikusintha. Asilikali anayamba kufuna kwambiri kuyesa maroketi aja pa tindege topanda oyendetsa, ndipo mapikapu ankabwera mwa apo ndi apo. Masiku ena a Hilario ankangosesa galaja, kusanja masipanala, kuwasanjulanso. Chakudya chamasana ankagula m'sitolo, buledi wozizira wa m'pulasitiki, n'kusiya theka.

Anagwa Lachiwiri lina m'mawa, akuchotsa tayala. Ndine ndinawapeza atatsamira jeke, pakamwa patapotoka, dzanja lamanja lili lende. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Moyo anawapulumutsa, koma mbali yakumanja inafa, ndipo mawu anathawa. Ankamva zonse, maso ankasonyeza, koma akatsegula pakamwa pankangotuluka "eya" ndi "ayi", nthawi zina mosinthanitsa.

Leandro anasiya ntchito kumpoto n'kubwera kudzakhala nawo. Palibe amene anamuuza kutero. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa phala ndi sipuni, kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Ndikapita kukawaona Loweruka ndinkawapeza pakhonde, mkuluyo pampando wa matayala, mwana pasitepe akusenda malalanje.

"Amalume Orval, madala akuvuta awa," ankatero Leandro. "Dzulo andiponyera sipuni. Ati phala langa ndi simenti."

"Ayi," ankatero a Hilario, kenako "eya," ife n'kuseka pang'ono.

Koma nthawi zina ankamugwira mwana wawo pamkono ndi dzanja lamanzere lija, kumukoka kuti awayang'ane, n'kuyamba kulimbana ndi lilime. Mitsempha ya m'khosi inkatuluka, malovu n'kumayenderera, misozi ili mbwee. Leandro ankawapukuta pakamwa n'kunena kuti, "Pumulani adadi, mukufuna madzi? Mukufuna kukagona?" Iwo ankapukusa mutu, n'kumusiya mkono.

Anakhala choncho pafupifupi zaka ziwiri. Anamwalira mu Januwale, nyengo yodula letesi, chibayo chitawagwira. Tinawaika pafupi ndi a Ofelia. Anthu sanachuluke: abale a ku San Luis, amayi angapo a kutchalitchi, ndi ife anayi a kuntchito. Mwambo utatha Leandro anatigwira chanza mmodzimmodzi n'kutithokoza chifukwa chobwera.

Nyumba anaigulitsa isanafike Pasaka, iye n'kubwerera kumpoto. Mukukhala banja lina lochokera ku Calexico, anthu amene sindikuwadziwa. Anapaka geti utoto wobiriwira.