Che Ayub ndi Utsi wa Eni Ake

Pa doko la Chikombe panalibe msodzi amene sankawadziwa Che Ayub, mmisiri wa mainjini a maboti. Ankagwira ntchito pansi pa mtengo wa mango, atazunguliridwa ndi mainjini akufa, ndudu ili pakona pa mlomo. Anayamba kusuta ali mnyamata wokoka nawo makoka, chingambwe chokulunga m'pepala la nyuzi, ndipo zinthu zitayamba kuwayendera anasamukira ku ndudu za m'golosale. Ankatsuka zitsulo m'beseni la petulo fodya akufuka, eni mainjini n'kumaonerera ali patali. Mwezi wa Ramadhani, dzuwa likalowa, anzawo ankathamangira madzi ndi futali. Iwo ankayamba ndi machesi.

Chifuwa sichinawasiyitse, ngakhale ankatsokomola ngati injini yomwa madzi. Akazi awo, a Rukiya, analankhula mpaka pakamwa kuuma. Amene anawagonjetsa ndi mwana wawo Jamila, tsiku limene anabwera kudzaonetsa khanda lake loyamba. Che Ayub atatambasula manja, Jamila anamufungatira mwanayo pachifuwa, n'kunena kuti kuchipatala anamuletsa kumuyandikiza ku fungo la fodya. Ananena mwaulemu, atagwada, koma azimayi onse a pakhonde anamva. Lachisanu lotsatira, potuluka mu mzikiti, Che Ayub analumbira pagulu kuti iwo ndi fodya asiyana. Akanalumbira chamumtima bwenzi zitaphweka, koma bambowa sankatha kuchita kanthu popanda mboni.

Pakhomo panalowa nkhalwe. Tiyi ankati ndi wozizira, ndiwo zopanda mchere, nkhuku zaphokoso. Akatha kudya, dzanja linkapita lokha m'thumba la malaya, n'kubwerako lopanda kanthu, ndipo mtima unkawawawa ngati pali amene wawabera. Anatafuna mtedza, nzimbe, bonya wouma, mpaka timitengo ta machesi, mimba n'kutuluka ngati ya bwana. Injini ikakana kulira, kale ankangokhala pansi, kuyatsa imodzi, n'kuiyang'ana mpaka vuto litaoneka lokha. Tsopano ankaiponyera sipanala. A Rukiya anauza mnansi wawo kuti utsi unali bwino, chifukwa unkatuluka pazenera, pamene zolalata za amuna awo zinalibe potulukira.

Mankhwala amene Che Ayub anadzipezera anali kunyoza. Aliyense wosuta anasanduka chitsiru pamaso pawo. Ankauza alovi, anyamata aganyu a m'maboti, kuti akuwotcha mapapo awo ngati zinyalala, ndipo ankalankhula ngati munthu amene chibadwire sanagwirepo machesi. Anthu ankangoyang'ana zala zawo zachikasu zija n'kusekera kumbali.

Amene anachiona kwambiri ndi Lenard, mnzawo wakalekale wa ku Chitala, amene anathawa khasu n'kudzakalambira pa nyanja. Kwa zaka zambiri awiriwa ankagawana ndudu imodzi pansi pa mango paja, osalankhulana zambiri. Tsiku lina Lenard atayatsa, Che Ayub anakweza mawu kuti doko lonse limve.

"Munthu wa imvi kumayamwabe ngati khanda. Simuchita manyazi, a Lenard? Chokani, mukundinunkhitsira malo."

Lenard anadzuka, kusasa mchenga pa thalauza, n'kumapita. Sanabwerenso. Che Ayub anauza anthu kuti mpweya wayera tsopano, koma masana ankakhala okhaokha pa chitsa, akuyang'ana njira, nsagwada zikugaya mtedza ngati mbuzi.

Nyengo ya usodzi itatsegulidwa ku Mbenji, anawaitana kukakonza injini imene inafera pa chilumbapo. M'boti limene anakwera munali alovi, matumba a ufa, ndi Lenard, atakhala chapakati. Sanapatsane moni. Atafika pakati pa nyanja, Lenard anabisa machesi m'manja n'kuyatsa ndudu. Mwera unkauluzira utsiwo kumanzere, ndipo Che Ayub anali kumanja.

Anapirira pang'ono. Kenako anadandaula kuti mafunde akuwanyowetsa, n'kusamukira kumanzere. Anadandaulanso kuti thumba la ufa likuwapweteka msana, n'kusendera kutsogolo pang'ono, mpaka anakhala pamene utsi unkadutsa. Anatsinzina, mphuno zitatseguka, akukoka mpweya mwakachetechete ngati munthu wopemphera. Fungolo linawalowa mpaka m'mafupa, ndipo kwa nthawi yoyamba chilumbirire mtima wawo unakhala pansi.

Atatsegula maso anapeza boti lonse likuwayang'ana.

"Che Ayub," anatero Lenard mosakweza mawu, "amene amagula fodyayu ndine. Ngati mukufuna kusuta, sutani wanu. Musamandibere wa m'mphepo."

Alovi anaseka mpaka woyendetsa boti anatsala pang'ono kutaya chiwongolero. Lenard anasolola ndudu ina n'kuwapatsa. Che Ayub anailandira. Anaigudubuza pakati pa zala, anainunkhiza kuchokera kumutu mpaka kumchira. Machesi anali pomwepo, pa bondo la Lenard. Mzikiti unali kutali, Jamila anali kutali. Koma mboni zinali zodzaza boti, ndipo mawa lake doko lonse likanadziwa kuti mlaliki uja wagwa. Anaiponya m'madzi.

Lenard anaiyang'ana ikuyandama kumbuyo, n'kunena kuti munthu wamakhalidwe akakana chinthu amabweza kwa mwini wake.

Injini ya ku Mbenji anaikonza, koma nkhani inafika ku Chikombe iwo asanabwerere. Kuyambira pamenepo anatchedwa Che Mphepo, ndipo akayamba ulaliki wawo, wina ankangonyowetsa chala n'kuchiimika m'mwamba ngati akufufuza kumene mphepo ikulowera. Ulalikiwo unafota wokha. Fodya sanamubwerere, ndipo chifuwa chinapepuka, koma akafunsidwa ngati chilakolako chinatha, ankayankha mokwiya kuti wofunsayo akafunse mkazi wamasiye ngati anaiwala.

Patapita milungu, Lenard anatulukiranso pansi pa mango, atanyamula pulagi ya injini yoti amuyeretsere. Sanapepesane. Che Ayub anamukankhira chitsa ndi phazi. Lenard anaima kaye, n'kuyang'ana kumene masamba ankaweramira, kenako ananyamula chitsacho n'kukachiika kumunsi kwa mphepo, kumene utsi wonse ukanapita kunyanja. Atakhala bwinobwino, anayatsa.

"Ndinu munthu woipa mtima, a Lenard," anatero Che Ayub, akupala pulagi ija.

"Ndikukusamalirani mapapo," anayankha Lenard.