Tambala amene anatimanitsa thandizo la msonkho

Nyumba ya amayi ili kuseri kwa msika pa Boma la Mchinji. Anaimanga ndi malemu bambo nthawi imene fodya anali adakali ndi ulemu: njerwa zootcha, malata, khonde la simenti. Bambo atamwalira, chimene chinatsala ndi makoma okhawo. Amayi ankadalira mandasi, ine ndinkasoka pakhondepo, ndipo makasitomala anga ambiri anali ofuna zigamba.

Kenaka inabuka nkhani ya msonkho wa nyumba. Unali utaunjikana zaka zingapo, ndipo tinauzidwa mosapsatira kuti tikapanda kulipira, pachitseko padzakhomedwa loko. Amayi anayamba kuwonda tikuona. Ankangoti, "Ndikalowera kuti ine? Kumudzi munda anagawana kalekale."

Kutchalitchi tinamva za kagulu kena ka anthu ochita bwino, amalonda a kubodala, kamene kankalipirira amayi amasiye ndi anthu ena ovutika msonkhowu. Koma ankayamba abwera kudzaona ngati munthuyo ndi wovutikadi. Titakawapempha, anatiuza kuti tiwayembekezere Loweruka.

Apa m'pamene amayi analakwitsa, ngati kumeneko n'kulakwitsa. Kwa iwo mlendo ndi mlendo, kaya wabwera kudzafunsira mbeta, kaya wabwera kudzakuyeza umphawi. Anasesa bwalo mpaka kumsewu. Anabwereka masofa ndi nsalu ya patebulo kwa aneba. Anapha tambala mmodzi yekhayo amene tinali naye, mpamba wa mandasi anagulira mpunga, navala chitenje chawo cha pa Khirisimasi. Ine ndinanyamula nawo masofawo, mutu wanga osandiuza kanthu.

Anabwera atatu pa galimoto ya magalasi akuda, abambo awiri ndi mayi wina wonunkhira pefyumu kuyambira kumsewu. Inu, anthu aja anadya! Mkulu wawo, bambo wa mimba yotsogola, anaswa mafupa, nafunsanso kumene kwapita nthutumba. Akutokosa m'mano, maso ake ankayenda pa masofa ndi pa makatani.

"Amayi, koma mukukhala bwino ndithu," anatero.

Amayi anaomba m'manja. "Zikomo bambo, n'chisomo cha Mulungu." Ankayesa akuwayamikira.

Thandizo silinabwere. Chifukwa chake ndinachimva kwa mayi wa pefyumu uja nditakumana naye kumsika. "Nanga achemwali, munthu wa masofa, wodya mpunga wa nkhuku, tingamuthandize chiyani?" Nkhukuyo anadya ndani? Amayi ndi ine tinanyambita msuzi wotsala kukhitchini. Chonsecho bambo wina wa mumzere wathu womwewo, mwini njinga zamoto za kabaza, anamulipirira msonkho wonse. Iyeyo ankaidziwa ntchito: TV anakaibisa kwa mlamu wake, ana anawaletsa kusamba.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinakwera minibasi mpaka kubodala, ndinakagwada pashopu ya mkulu wa mimba uja, madalaivala a mathiraki akundionerera. Ndinamufotokozera kuti zonse zija zinali zobwereka. Anaseka mpaka kutsokomola, koma anavomera kubweranso.

Kuwauza amayi ndiye kunali kovuta. Anamvetsera osandidula, manja ali pamiyendo. Kenaka anati, "Ndiye kuti akufuna aone uve?" Ndinati eya. "Chabwino. Chotsa makataniwo."

Sabata yonse sanagwire tsache. Mayi amene ankandimenya ndili mwana chifukwa chosiya kapu yosatsuka, ankalumpha zikonyo za chimanga pabwalo pake ngati sakuziona. Tsiku lobwera alendowo anavala chitenje chimene tinkapukutira mapoto, nakhala pa thumba la feteleza pakati pa balaza lopanda kanthu.

Ulendo uno alendowo anasangalala. Sanakhale pansi n'komwe. Mayi wa pefyumu anatulutsa foni yoti ajambulire chithunzi, nawauza amayi kuti asunthire pafupi ndi khoma long'ambika. Amayi, chifukwa cha chizolowezi, anakonza duku namwetulira.

"Ayi amayi, musamwetulire. Gwirani kutsaya. Eya, choncho."

Anagwira kutsaya. Ndinatuluka panja kukalavula. Sindinanyansidwepo ndi anthu ngati mmene ndinanyansidwira tsiku limenelo, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la pefyumu ameneyo m'minibasi ndimatsekula windo.

Msonkho analipira. Loko sanabwere, amayi akugonabe m'nyumba yawo. Chithunzi chija chinazungulira m'mafoni, anthu akutamanda mitima yabwino ya amalondawo.

Koma tsikulo, galimoto itachoka, ndinawapeza amayi adakali pathumba paja. Ndinkayesa adandaula za chitenjecho kapena za foni. Anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwana wanga, alendo achoka pakhomo panga osamwa ngakhale madzi."