Mpando Wakumbuyo wa Galimoto Yakuda

Chaka changa chachiwiri ku Wakefield, kutsidya kwa nyanja, ndinkasamalira bambo wina wokalamba kunyumba kwawo. Ntchito yanga inali kuwasambitsa, kuwapatsa mankhwala ndi kuwayendetsa pang'ono kuti miyendo isaume. Kuyenda kwathu kunkathera malo amodzi, m'galaja, momwe munali magalimoto awiri akalekale ofunditsidwa nsalu.

Yobiriwira inali yaifupi, ya mphuno yaitali, moti polowa munthu umachita kuwerama. Yakuda inali chigalimoto chenicheni: mipando yachikopa, matabwa onyezimira, kumbuyo kuli timatebulo topinda. Bambowo ankati yobiriwirayo ndi ya munthu wokonda kugwira yekha chiwongolero, yakudayo ndi ya bwana woyendetsedwa. Ine ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndinkati zonsezi pamsewu wakwathu ku Ntcheu sizingadutse ngakhale mlatho woyamba.

Maso awo anali atayamba kuchita mdima, ndipo adokotala anali atawaletsa kuyendetsa. Iwo ankati ndi zakanthawi chabe. Kenako mwana wawo wamkazi anawapezera nyumba yaing'ono ku Bradford, pafupi ndi iye, ya galaja yokwana galimoto imodzi. Inayo inayenera kupita kwa munthu wina wosunga magalimoto akale.

"Iwe sunama," anandiuza tsiku lina. "Ndisunge iti?"

Kwathu wamkulu akafunsa chotere umati zonse n'zabwino. Ndinatero, koma anakana. Ndiye ndinachita zomwe manja anga anazolowera. Ndinatsegula zitseko, n'kuyeza mipando ndi bondo langa monga ndimayezera bedi la wodwala.

"Yakudayi, bambo. Chitseko chakumbuyo n'chachikulu, mpando uli pamwamba. Mukhoza kukhazikidwa bwino chiuno osapweteka."

Anatembenukira ku chiwongolero cha yobiriwira ija. Apo m'pomwe ndinamva zomwe ndinanena. Adokotala ndi mwana wawo anakhala miyezi akuizungulira nkhani yoti sadzayendetsanso, ine ndinawachotsa pachiwongolero ndi mawu ochepa, ndikuyesa ndikukamba za chiuno. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Patapita milungu iwiri wodzatenga uja anabwera, ndipo anadzera yobiriwira. Bambowo anapempha kuti ndiwakhazike pachiwongolero. Zinavuta, tonse tinatuluka thukuta. Analiza injini, n'kutseka maso, manja ali pachiwongolero, galimoto osasuntha. Atakhutira anazimitsa okha ndi kupereka makiyi.

Tsiku losamuka mwana wawo ndiye anayendetsa yakuda. Ine ndinathamangira kutsegula chitseko chakutsogolo, poti kwathu wamkulu sakhala kumbuyo ngati katundu. Ndinkafunanso kuti ulemuwo ufafanize zija ndinanena.

Bambowo anayang'ana mpando wakutsogolowo, pafupi penipeni ndi chiwongolero chomwe chinali m'manja mwa wina, ndipo anapukusa mutu.

"Tsegula chakumbuyo," anatero. "Unayeza kale iwe."