Mvuu yomwe sindinagulitse

Pabwalo la ndege la Mfuwe panalibe wondiposa ine pa kunenerera malonda. Ndinkagulitsa ziboliboli pachipata, ndipo chida changa chachikulu chinali msana. Wogula akalimba, ndinkangotembenuka n'kuyamba kuyenda mwaulesi. Ndisanafike pamtengo wa tsanya womwe unali pafupi, ankandiitana yekha.

Dzinja lina mkazi wanga anali kuchipatala ku Chipata, kudikira mimba yovuta. M'mawa wina mlonda wa nyama anandipeza ndi uthenga wobwera pawailesi yawo, woti mayi wataya magazi ambiri ndipo madokotala akufuna abale okapereka.

Pandege, ku Chipata n'pakhomo, mwina theka la ola. Pamsewu nyengo imeneyo unkanyamuka osalonjeza tsiku lofika.

Pabwalo panali kandege kamodzi komwe kanali katatsitsa alendo odzaona nyama, ndipo kankabwerera kopanda anthu kudzera ku Chipata. Woyendetsa wake ankandidziwa. Kwa miyezi ankasirira mvuu yanga yaikulu ya mlombwa, ine n'kumamukaniza. Ndinamufikira nditaikumbatira, nkhope ili phee. Lamulo la ntchito yathu n'lakuti usaonetse kuti wapanikizika, choncho za mkazi wanga sindinatchule. Ndinangoti ndili ndi kaulendo ka kutauni.

Anaseka, n'kunena kuti ndimupatse mvuuyo ndikwere. Pakamwa panga panayankha pokha kuti mvuu ayi, koma tinyamalikiti tiwiri. Iye anayang'ana mitambo yomwe inkada kumapiri, n'kuti mvula ikubwera, alibe nthawi. Mawu amenewo ndinali nditawamva kwa ogula ambirimbiri. Ndinatembenuka.

Ndinayenda pang'onopang'ono, makutu ali kumbuyo. Ndinafika patsanya paja. Ndinapitirira. Chomwe chinandiitana ndi injini.

Ndinathamanga mvuu ili m'mwamba, ndikukuwa kuti atenge, atenge ndi nyamalikiti zomwe. Alonda a pabwalo anandigwira malaya pampanda. Kandege kanadzuka, kanakhota, kanasanduka ntchentche.

Ndinakwera lole ya mabotolo opanda kanthu, mvuu ili pamiyendo. Tisanafike kumapiri tinatitimira. Tinakumba, tinaika nthambi, tinatitimiranso. Nthawi yonseyo mutu wanga unkangowerengera kuti pano ndikanakhala nditatera, pano singano ikanakhala ili pamkono. Mayi wina palolepo anandifunsa ngati chinyamacho ndikupita nacho kuchipatala. Sindinaseke.

Ndinafika mawa lake masana, matope mpaka m'chiuno. Pakhonde la wodi ndinapeza mlamu wanga wa ku Msoro ali ndi kathonje pamkono. Iye anali atabwera kale kudzazonda mlongo wake, ndipo magazi anapereka ndi iyeyo. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mvuu, kenako anati mayi ali moyo, mwana ndi wamkazi. Ndinaika mvuu pansi, n'kukhala pomwepo.

Patapita masabata woyendetsa ndege uja anamva nkhaniyi kwa alonda, ndipo anandipeza pachipata.

"Madala, bwanji osangonena? Ndikanakutengani ulere, inu ndi mvuu yanuyo."

Mvuuyo ilipobe. Mkazi wanga anakaniza kuti isagulitsidwe, amatsekerezera chitseko kuti ndizipunthwapo m'mawa uliwonse. Katundu wanga sanapite motchipa, mbiri yanga yosagonja sinagwe. Ndiye inu tandiuzani, tsiku limene lija anapambana ndani?